Mlendo Wotha Khola

Ndinabwerera kwathu ku Mitande m'nyengo ya moto, tchire lonse kuchokera ku Cuamba mpaka ku Mandimba litapserera, dzuwa likutuluka lofiira ngati diso la munthu amene wagona ndi mkwiyo. Ndinali nditayenda zaka zambiri. Ndikati kuyenda sindikunena ulendo wa anthu a masutikesi a matayala ayi. Ndinagulitsapo kaunjika ku Nampula, ndinasenzapo matumba padoko ku Beira, ku Lusaka ndinalonderapo nyumba imene munalibe choti n'kubedwa, ndipo pomaliza ndinakaima ku Joni, kumene ndinkathirira maluwa pamalo ogulitsira mbande. Ntchito imeneyi inkagwirizana ndi maphunziro anga, pakuti ndinachitako za ulimi pa koleji ina ku Cuamba. Mutu wa nthaka tinaumaliza. Tsiku limene ankayamba mutu wa mbewu, ine ndinali m'sitima ya ku Nampula. Choncho mpaka lero pansi ndimapadziwa bwino, koma choikapo ndimafunsa anzanga.

Bwana wa ku Joniko anandilola kudzaona mayi. Anati malo anga andisungira mpaka mvula itayamba, ndipo ndikabwerera adzandikonzera mapepala okhalira konko, pamodzi ndi chipinda cha chitseko changachanga. Amene sanagonepo mothithikana ndi amuna anzake, phazi la mnzako lili pakhutu, sangamvetse kuti kiyi ndi chinthu chokongola bwanji.

Ndinayamba ndatsikira ku Cuamba kwa mlongo wanga wamkulu, amene anakwatiwa kumeneko. Anandipeza ndikusamba m'manja.

"Iwe mtchona," anatero, "wabwera kudzakhala kapena kudzationa?"

"Nkhaniyo ikadali m'manja mwa komiti, achemwali."

"Komiti yake ndani?"

"Ine ndi chikwama changa."

Sanaseke. Anandigwira pamkono n'kupita nane kuseri kwa nyumba, kumene kunali kachipinda kosungiramo makala. Makalawo anali atawatulutsa, pansi atazira, pakhoma atakhomapo msomali umodzi wopachikapo zovala.

"Muno mulowa mayi," anatero. "Dzinja lina okha sangalithe. Miyendo ikutupa, kuchitsime n'kutali. Ndawanyengerera, akuti sangasiye nkhuku zawo. Ndiye tapangana kuti nkhuku zikatha ndikawatenga. Ukakhala iwe, akhala. Ukabwerera kwanu ku Joniko, pakhomo paja pasanduka bwinja, ndipo manda a bambo azilambula ndi moto wa tchire."

Ndinafunsa kuti nkhukuzo zilipo zochuluka bwanji. Anati khola ndi lodzaza. Pamenepo mtima unakhala pansi, chifukwa ngakhale mutu wa ziweto sitinafikepo, ndinkadziwa kuti nkhuku zimaswana. Pangano lodikira kutha kwa nkhuku ndinaliona ngati pangano lodikira kutha kwa udzudzu.

Chapa, kaminibasi kathu kodzaza mpaka pakhomo, inanditsitsa panjira, ndipo kotsalako ndinakwera njinga yamoto. Mayi ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Ndinkayembekezera nthungululu, kapena kofi la pamsana, chifukwa mayi anga zonse ziwiri amazitha. Koma anangondiyang'ana, n'kulowa m'nyumba, n'kutulutsa mpando wa malemu bambo. Anaupukuta ndi nsonga ya kapulana, chitenje chawo chija, anauika pamthunzi, kenako anakagwada poteropo n'kuomba m'manja.

"Mwayenda bwanji, bambo? Kumene mwachokerako mwawasiya bwanji?"

Moyo wanga wonse mayi ankanditchula iwe, ndipo masiku ena mayina ena oposa pamenepo amene sangalembedwe. Ndinacheuka kuona ngati kumbuyo kwanga kwaima munthu wina wolemekezeka. Kunali njinga yamoto ikubwerera.

Atatha malonje anapita kuseri, n'kubwera ndi chipsolopsolo chamoyo, n'kundiika m'manja. Kwathu mlendo amamuonetsa nkhuku isanaphedwe. Amaigwira, amathokoza, n'kuibweza kuti ikakhale ndiwo zake. Kuikana n'kutukwana mwini nyumba. Mwana wa pakhomo saonetsedwa nkhuku. Amadya chimene chilipo, kaya nkhwani kaya chigwada, ndipo akachedwa amapeza mbale zitatsukidwa. Ndinaigwira, mtima wake ukugunda m'zala zanga, ndinathokoza, ndinaibweza.

Ife ndife Akhristu, koma nkhuku za pakhomo pathu amazinga ndi mkulu wina wachiyao, Msilamu, wa nyumba yoyandikana nafe, kuti aliyense wobwera athe kudya nawo osafunsa. Anabwera ndi mpeni wake wopinda, akutsimphina pang'ono. Nayenso pa unyamata wake anatchonako kumigodi.

"Ehe, a ku Joni afika!" anatero. "Mwatibweretsera chiyani? Kapena mwangobweretsa mano?"

Tsiku limenelo ndinadya ndekha m'nyumba, nthutumba ili pamwamba pa mbale monga ayenera kulandirira mlendo. Ndinadziuza kuti chikondi cha mayi chakula ndi ukalamba. Mawa lake anandionetsa ina. Mkuja wake ina. Sanali kupha tsiku lililonse, nthawi zina yadzulo inkatsala, koma ikangotha ndinkamva phokoso kuseri, kenako mapazi a mayi akukhwekhwereza, kenako nthenga zofunda m'manja mwanga.

"Mayi, nkhwaninso ndi ndiwo," ndinatero tsiku lina.

"Mlendo sadya nkhwani, bambo. Anthu angatiseke."

Ndinatenga khasu kuti ndikasose kumunda. Anandilanda mwaulemu, ndi manja awiri.

"Mungatuluke matuza. Kwanu akatinena."

Ndinatenga ndowa. Nayonso anandilanda, n'kupita nayo okha kuchitsime. Ndinawaona pobwerera akuitula panjira, atatsamira mtengo, akupuma ndi pakamwa. Atafika anavula patapata, ndipo pamwamba pa phazi panatsala ngalande ya lamba yozama, imene sinafafanike mpaka dzuwa kupendeka.

Pamenepo ndinakumbukira chinthu chimene ndikanayenera kuchikumbukira ku Cuamba. Ine ndinabadwira ku Malawi, cha ku Namwera, kumene makolo anathawira nkhondo. Mtendere utabwera tinabwerera ndili wamng'ono, ndipo za ulendowo sindikumbuka zambiri. Chimene ndimakumbuka ndi masiku otsiriza tisananyamuke, pamene tinadya nkhuku mpaka kunyansidwa nazo. Bambo ankati nkhuku sidziwa malire, koma a pamalire amaidziwa nkhuku. Mayi anatiuza kuti pothawa ku Mitande anachitanso chimodzimodzi: anapha zonse, anadya zimene akanatha, zotsala anawamba. Ndiye kuti m'banja mwathu khola linatha kawiri, ndipo kawiri konseko nyumba inatsala yopanda munthu.

Ndinayamba kumakhala pafupi ndi khola madzulo, nkhuku zikamakwera makwerero. Poyamba zinkakankhana, zina kugwa, zina kudikira pansi. Kenako zinayamba kukwera momasuka ngati anthu a ulemu. Kuseri kwa nyumba nthenga zinaunjikana, ndipo kamvuluvulu akadutsa ankazimwaza pabwalo lonse, zina n'kukakamira pa mtanda wa pamanda a bambo, amene ali m'mphepete mwa munda. Agalu a m'mudzi anayamba kugona pakhomo pathu ngati alembedwa ntchito. Tsiku limene ndinadya tambala wamkulu, m'mawa mwake kunacha popanda wolengeza. Ndinadzuka kutayera kale, pabwalo pali zii, ndipo ndinayamba ndaima pakhomo la chipinda cha mayi kumvetsera ngati akupuma.

Si nkhuku zokha zimene zinkachepa. Mtondo unapita kwa mayi wina wa kumpoto kwa mudzi. Mbiya yaikulu inapita kutchalitchi. Ngala za chimanga cha mbewu, zimene zinkalendewera patsindwi la khitchini zitada ndi utsi, tsiku lina ndinapeza palibe. Anzathu onse anali atasosa, ena akuunga mizere, koma munda wathu unali chiimire ndi mapesi a chaka chatha. Mayi ankangondigwadira.

Foni kwathu imagwira pachulu chimodzi cha kuseri kwa munda, ndipo kumeneko ndiye kunali ofesi ya komiti. Bwana wa ku Joni ankafunsa funso limodzi lokha: ubwera liti? Ndinkayankha kuti posachedwa, ndiye ndinkakhala pachulupo n'kumayeza mbali zonse ziwiri mwachilungamo. Ku Joni madzi amatuluka pakhoma. Ukadwala dzino amalichotsa tsiku lomwelo. Kulibe amene amadziwa kuti koleji sunamalize, chifukwa kulibe amene amadziwa kuti unaiyamba. Komanso kumeneko kuli masiku ena amene mphepo imatembenuka, anthu a m'dzikomo n'kuyamba kufunsa aliyense kuti kwanu n'kuti, ndipo masiku amenewo tinkagona nsapato zili kuphazi. Konsekonse ndinali mlendo. Kusiyana kwake, ku Mitande mlendo amamuphera nkhuku, pamene ku Joni mlendoyo ndiye nkhuku.

Kuchokera pachulupo umaona bwino malo ena patsidya pa dambo, pamene pali mitengo ya mango yaikulu itazungulira pabwalo popanda nyumba. Pakatipo patsala chipupa chimodzi chofika m'chiuno, chitedze chitachikuta. Ana samatola mango pamenepo. Ndinkapadziwa kuyambira ubwana, koma sindinafunsepo kuti panali pa yani.

Anandiuza ndi mkulu wa mpeni uja, tsiku lina akunola mpeni wake pamwala wa pakhomo pathu.

"Mpeni wanga watopa, a ku Joni. Chiugulireni sunagwirepo ntchito ngati ya mwezi uno. Mukudziwa kuti mukudya mudzi? Anzanu amayambira kugulitsa malata, inu mwayambira kukhola."

"Ine ndikungolandira ulemu, akulu."

"Ee, ulemu." Anayesa mpeni pa chikhadabo. "Mango mumayang'ana muli pachulu aja ndi a mayi anga. Inenso ndinkati ndibwera mvula ikatha. Nditabwera ndinapeza mangowo, anabereka bwino chaka chimenecho. Manda ndinachita kufunsa kwa anthu, ndipo awiri anandilozera malo osiyana."

Ananena zimenezi akumwetulira, kenako n'kufunsa mayi kuti ya lero ndi iti.

Komiti itaona kuti zinthu zafika poipa, inachita chimene makomiti amachita: inafuna njira yoonjezera nthawi. Ndinapita kumsika ku Mandimba, ndinagula misoti itatu, ndinaibisa m'katoni, ndipo mayi ali kuchitsime ndinailowetsa m'khola. Ndinabwerera pampando wanga n'kupinda mwendo ngati munthu wosadziwa kanthu. Madzulo mayi anaima pa khola kanthawi.

"Alendo achuluka pakhomo pano," anatero. "Za kumsika nyengo yotentha ino zimabwera ndi chitopa. Sizigona muno."

Inazingidwa yonse itatu, ndipo ndinaidya motsatizana. Mayi anati n'koyenera kuti mlendo adye alendo anzake.

Kenako mitambo inayamba kusonkhana cha ku Ngauma. Masana kunkatentha mopanda mphepo, nyerere zikutuluka m'maenje, kutali kukugunda osagwa kanthu. Mlongo wanga anandiimbira ndili pachulu, nati wapeza galimoto ya mnzawo wa alamu, ibwera Loweruka kudzatenga mayi ndi katundu wotsala.

"Zatsala zingati?" anafunsa.

"Imodzi."

"Ndiye kwatha."

"Koma ikufungatira, achemwali. Thadzi lofungatira saphera mlendo. Ngakhale mfiti siingatero."

"Mayi ako suwadziwa," anatero, n'kudula.

Thadzilo linali lakuda, la khosi lopanda nthenga, ndipo linkafungatira m'dengu lakutha pangodya ya khitchini. Ndinkadalira ilo monga munthu amadalira loya. Malinga linali pamazira, khola linali lisanathe, ndipo ine ndikanatha kukhalabe pampando, osapita, osakhala.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili pamutu, ndinamva kulira kwake. Nkhuku yochotsedwa pamazira siilira ngati inzake. Imalira mokalipa, mosasa, ngati chitseko cha dzimbiri. Mayi anatuluka nayo m'khitchini ataigwira mapiko, akuyenda pang'onopang'ono. Mkulu wa mpeni anali atafika kale, ataima pansi pa mtengo, ndipo tsiku limenelo sananditchule a ku Joni. Mayi anafika patsogolo panga. Kugwada kunawatengera nthawi, bondo limodzi kaye, dzanja pansi, kenako linalo. Anatambasula manja.

"Landirani, bambo."

Manja anga ndinawabisa kumbuyo kwa mpando.

"Mayi, ikufungatira imeneyo."

"Ndikudziwa. Mazirawo ndinaiikira ndine."

"Kaibwezereni."

"Mlendo sakana nkhuku."

"Ndakhuta, mayi. Ndakhuta mpaka chaka chamawa."

"Wokhuta amalandira, n'kudya pang'ono." Thadzilo linkawalemera, koma manja sanawatsitse. "Kodi akuti kaibwezereniyo ndani? Mlendo, kapena mwana wa pakhomo? Chifukwa mlendo alibe mawu pa khola la eni ake."

Kudzera pakhomo la khitchini ndinkaona dengu lija, mazira ali poyera, oyera mbuu mumdima. Mazira osiyidwa sadikira munthu kuti aganize bwino. Komiti inakumana mwadzidzidzi. Chikwama sichinabwere ku msonkhanowo, chinali m'nyumba chikulendewera pa msomali. Ndinaganiza za kiyi uja, za madzi a pakhoma, za maluwa ondidikira m'mizere yawo yowongoka. Sindinama, ndinazifuna zinthu zimenezo, ndipo mpaka pano ndimazifuna. Kenako ndinaona mkulu uja akutsegula mpeni, osati mondiopseza, koma monga munthu amene waitanidwa ntchito ndipo nthawi yakwana. Kumbuyo kwake, patsidya pa dambo, mango aja anali atayamba kupsa.

"Mwana," ndinatero.

"Sindinamve, bambo. Makutu akalamba."

"Mwana wa pakhomo pano."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, monga amayang'anira nsalu pamsika kuti aone ngati siisuluka. Kenako nkhope yawo inasintha, n'kubwerera ija ndinkaidziwa ndili mwana.

"Ndiye ukuyang'ana chiyani iwe, chitsiru? Thamanga nayo mazira asanazizire! Ukatero ubwere udzandidzutse pano, maondo akana."

Ndinathamanga. Thadzilo linandijompha padzanja mpaka magazi, linadzikonza nthenga, n'kukhala pamazira likung'ung'udza. Nditabwerera ndinawagwira mayi m'khwapa kuti ndiwaimike. Kumtunda anali opepuka ngati mtolo wa mapesi, koma miyendo inali yolemera ngati si yawo. Ndinazindikira kuti masiku onsewa akhala akugwada ndi kudzuka okha pamaso panga, ine nditapinda mwendo. Mkulu uja anapinda mpeni wake n'kuuika m'thumba.

"Ndapuma pantchito," anatero. "Koma mpeni sindigulitsa."

Mpando wa bambo unalowa m'nyumba tsiku lomwelo. Madzulo ndinadya chigwada chopanda mafuta nditakhala pansi, ndipo ndisanamalize ndinatumidwa kuchitsime kawiri.

Bwana wa ku Joni nditamuuza kuti sindibwereranso, anati chabwino, mofulumira kwambiri moti ndinamva kuti wina anali ataima kale pambali pake ndi chothirira m'manja. Mlongo wanga anaimitsa galimoto, koma anati tiona, ndipo ndamva kuti kachipinda kaja amakasesabe, makala sanawabwezeremo. Mbewu ndinachita kukapempha kwa amene mayi anawapatsa. Anandibwezera theka, n'kundifotokozera kabzalidwe kake mokweza mawu, pang'onopang'ono, monga amachitira ndi anthu ophunzira. Manda a bambo ndinalambula mvula yoyamba isanagwe.

Mazira aja sanaswe onse. Ena anazizira pa nthawi imene komiti inkakambirana, ndipo ndinakawataya kudzala, akununkha. Anapiye amene anatuluka ndi ochepa, owerengeka pa dzanja limodzi, ndipo tsopano ndiwo khola lonse la pakhomo pano. Pangano la mayi ndi mwana wawo wamkazi silinafafanizidwe, likadali lomwe lija: zikatha, apita. Mapazi awo sakulowanso m'patapata. Tsiku lina ndinawauza kuti ndikatenge mtondo wathu kwa mayi wa kumpoto uja, popeza sitikusamukanso. Anati ndiusiye konko, ndisavutike kuunyamula kawiri. Sindinafunse kuti akutanthauza chiyani.

Chikwama chikadali pa msomali, ndipo makoswe ayamba kuchiona ngati nyumba. Masana ndikabwera kumunda ndimakhala pabwalo ndi mulu wa miyala pambali, chifukwa kabawi, amene anasiya kubwera pamene khola linkatha, wabweranso. Amatera pa nthambi youma ya mtengo wa pamanda n'kumayang'ana anapiye, osafulumira, osatopa. Ndikamugenda amauluka, amazungulira dambo, n'kubwerera pa nthambi yomweyo. Iye alibe komiti.